Ndodo Imene Ndinakana Kugulitsa

Tadala ndi Mphatso, mutu uno ndi wa ntchito yanga ya mu sitolo ya zowedzera nsomba ku Laurel, kuno ku America, kumene ndinagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndikulemba m'Chichewa dala. Kuyankha mumayankha m'Chingerezi, koma kumva mumamva, ndipo pamene pakuvuteni muimbire azakhali anu akumasulireni.

Chaka choyamba, mwezi wa Febuluwale

Bambo anu atamwalira, ofesi ya m'dera la Foggy Bottom imene ankayendetsako galimoto inatithandiza pa maliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinali ndi makina anga osokera pabalaza, kupinda mathalauza ndi kuika mazipi a anthu a kutchalitchi, koma ntchito yotero siingalere ana awiri kuno. Mayi wina wa m'kwaya ndiye anandiuza kuti pa sitolo ya mbedza, kuseri kwa malo otsukira magalimoto, akufuna munthu wodziwa ulusi. Ndinapita ndikuganiza kuti ndikasoka matenti a maboti. Mwini sitolo anali a Odell, bambo wakuda wobadwira konkuno, wamtali, wolankhula mosathamanga, amene manja anali atayamba kuwanjenjemera. Sanandifunse za sukulu. Anangoti, "Munayamba mwawedzapo?"

"Ayi bambo. Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri. Nsomba ndinkakumana nazo pamsika zitauma kale."

"Bola inu," anatero. "Amene amandivuta ndi odziwadziwa."

Ananditengera kuchipinda cha kumbuyo n'kundipatsa ndodo yothyoka kamphete. Ndodo yowedzera ya kuno ili ndi timphete tondondozana kuchokera pa chogwirira mpaka kunsonga, momwe chingwe chimadutsa. Kamphete kalikonse amakamangirira ndi ulusi, mizere yogundana bwino popanda mpata, kenako amapakapo guluu wowala. Anandionetsa kamodzi. Ndinamanga, iwo n'kuyang'ana ndi magalasi awo awiri, n'kunena kuti ndibwere Lolemba. Zaka ziwiri ndinakhala m'chipinda chimenecho, pa benchi, pakati pa fungo la guluu ndi la nyongolotsi za nyambo zimene tinkasunga mu firiji. Mukukumbukira mmene munkathawira jekete yanga ndikafika kunyumba.

Chaka chachitatu, mwezi wa Marichi

Kuno chisanu chikayamba kutha, nsomba imene amaitchula kuti perch, ine ndimangoti pechi, imakwera m'mitsinje kukaikira mazira. Imayamba yachikasu yamizeremizere, kenako yoyera. Ndi kansomba kochepa, kakatalika ndiye ngati chikhatho ndi theka, koma anthu a ku Maryland amakakonda ngati mmene ife timakondera chambo. Masabata amenewo sitolo inkadzaza mpaka pakhomo, ndipo chaka chimenecho wogulitsa wathu anasiya ntchito mwadzidzidzi. A Odell anabwera kubenchi n'kuti, "Esinta, sambani m'manja, mupite ku kauntala." Ndinawauza kuti ine ndimadziwa kumanga ndodo, osati kusankhira munthu. Anatenga ndodo ziwiri pakhoma. Yoyamba inali yonenepa, ya milamba ikuluikulu ya mu mtsinje wa Potomac. Anandigwiritsa chogwirira, iwo n'kugunditsa nsonga pakhosi pawo, n'kuyamba kuwerenga masiku a sabata. "Mukumva chiyani m'dzanja?" Ndinati palibe. Anasintha, n'kundigwiritsa yachiwiri, yowonda ngati bango laling'ono, yotalika ngati munthu wamtali. Atangoti "Lolemba", mawu awo anandinyerenyetsa m'chikhatho.

"Pechi imadya choncho," anatero. "Siikoka ngati mlamba. Imangogogoda pang'ono, ngati mlendo wamanyazi. Ndodo ikakhala yolemera, munthu amakhala tsiku lonse akudyetsa nsomba nyambo, iye osadziwa, madzulo n'kumati lero kunalibe mwayi."

Anandiphunzitsa kuti ndisayambe ndi mtengo wa ndodo. Ndiyambe ndi kufunsa kumene munthu akukawedza. Wa m'kamtsinje ka mitengo yowirira amafuna yaifupi, kuti isamakole m'nthambi. Wa pa thandala la matabwa lolowa m'madzi amafuna yotalikirapo, kuti aponye patali. Nsonga ikhale yofewa, koma cha kuchogwirira ikhale ndi msana, chifukwa tsiku lina mbedza ya pechi imadyedwa ndi mlamba. Chingwe chikhale chowonda. Ndipo funso lomaliza, limene iwo ankati ogulitsa ambiri amaiwala, linali lakuti ndani adzaigwire ndodoyo, mwana, nkhalamba kapena munthu wa phewa lopweteka.

Si onse amene anakondwa kupeza mayi wa Chingerezi cha ku Dedza pa kauntala. Bambo wina wa chipewa cha asilikali anandiyang'ana kuchokera kumutu n'kufunsa ngati mulibe mwamuna m'sitolomo. A Odell anayankha ali pamakwerero, osatembenuka: "Mwamuna alipo, ndine. Koma mukandifunsa, ine ndikafunsa iwowo." Bamboyo anagula ndodo imene ndinamusankhira, ndipo anakhala kasitomala wanga mpaka pamene anasamukira kwa ana ake. Lamulungu lina a Odell ndi akazi awo ananditengera ku mtsinje wa Patuxent kuti ndikaone ndekha. Ndinagwira pechi zinayi ndi nsapato ya mwana.

Chaka cha khumi ndi chiwiri

A Odell atadwala, sitolo inapita m'manja mwa mwana wawo Russ, amene ndinamudziwa akadali pa koleji. Sanali munthu woipa. Anali wachangu, wokonda kompyuta, ndipo nsomba sizinkamusangalatsa. Anatsegula kasitolo kena m'tauni ya Arlington, pansi pa nyumba zazitali, n'kunditumiza kumeneko. Zaka ziwiri ndinkakwera sitima ya m'mawa kuchoka ku Laurel, n'kusinthira ya Metro yoyenda pansi pa nthaka, kukagulitsa zipewa ndi magalasi a dzuwa kwa anthu a m'maofesi amene ankafuna kuoneka ngati asodzi. Ndodo zinkachita fumbi. Kasitoloko katatsekedwa ndinabwerera ku Laurel, ndipo a Odell anali atamwalira mwezi womwewo. Ku maliro awo kunabwera anthu ambiri ovala nsapato za m'madzi.

Chaka cha mliri wa korona, mwezi wa Juni

Boma litalola kuti anthu ayambenso kuwedza, aliyense anafuna ndodo. Maofesi anali otseka, mipira kunalibe, matchalitchi anali pa foni, ndiye kumtsinje ndi kumene munthu akanapita osaopa mnzake. Mzere unkayambira pakhomo mpaka kotsukira magalimoto, aliyense ndi masiki yake. M'masabata atatu khoma la ndodo zopepuka linatsala mbee. Katundu watsopano sankabwera. Russ ankakhala pa foni tsiku lonse, ndipo zimene anapeza pomaliza zinali mabokosi a ndodo zolemera za milamba, zimene sitolo ina yotsekedwa inkataya. Anatisonkhanitsa, ife antchito asanu, n'kunena kuti aliyense wofuna ndodo, kaya ya nsomba yanji, timuuze kuti iyi ndi yabwino pa zonse. Ndinati, "Russ, wa pechi sadzamva kanthu ndi imeneyi." Anati, "Adzamva kuti ali kumtsinje. Ndi zimene akufuna."

Ndilembe zoona, chifukwa ndinu ana anga. Ndinamvera. Masabata atatu ndinagulitsa ndodo zimenezo kwa anthu ofuna pechi, ndikuti ndi yolimba, sidzathyoka, zimene sizinali bodza koma sizinalinso yankho la funso lawo. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Inshuwalansi yanga ya chipatala inkadalira kuti ndizigwira sabata yathunthu, ndipo ya boma ya okalamba inali idakali zaka ziwiri kutsogolo. Matenda anga a shuga mukuwadziwa mmene amadyera mankhwala. Bambo wina anabweranso ndi mwana wake wamkazi n'kundiuza kuti anzawo pambali pawo amadzaza ndowa, iwo osagwira ngakhale imodzi, kodi vuto ndi nyambo? Ndinawagulitsa nyambo ina. Atatuluka ndinapita kuchimbudzi n'kukaima pa sinki nthawi yaitali, madzi akungotuluka.

Chaka chomwecho, mwezi wa Julayi

Linali Lachisanu masana. Pa mzere panali mayi wachitsikana wovala yunifolomu ya anamwino, akulankhula pa foni. Ndinamva akuti, "Nibwela manje manje, daddy. Musachoke pa mupando." Atafika pa kauntala ndinati, "Muli bwanji, mwana wanga?" Anadzidzimuka, kenako maso anaseka pamwamba pa masiki. Dzina lake anali Misozi, wa ku Zambia, kwawo ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Anandifotokozera mwachangu, chifukwa kumbuyo kwake kunali anthu. Bambo ake, a Tembo, anabwera kudzamuona chaka chapitacho, n'kudwala sitiroko ali konkuno. Dzanja lamanja linafooka. Pamene amati achire abwerere, ndege zinaima. Tsopano ankangokhala pa windo la nyumba yosanja ku Arlington, kuyang'ana magalimoto, tsiku lonse osalankhula mawu opitirira asanu.

"Kudala benze kuwedza maningi ku Luangwa," anatero Misozi. "Mnzanga ku nchito aniuza ati kuli tunsomba tung'ono, pechi, twamene olo munthu odwala angagwile. So nifuna ndodo, mummy. Iyi ili bwino?"

Anali atanyamula kale imodzi mwa zolemera zija. Russ anali pambali panga, pa makina olipirira. Ndinayang'ana ndodoyo, ndinaganiza za dzanja la munthu amene sindinamuonepo, ndipo ndinayankha m'Chichewa, motsitsa mawu: "Musagule imeneyo. Bambo anu sangainyamule ngakhale mphindi zisanu, ndipo nsomba ikadya sadzamva. Ibwezereni, mundisiyire nambala yanu."

Zikanathera pomwepo. Russ sankamva Chichewa, ndipo akanaganiza kuti tikufunsana za kumudzi. Koma kumbuyo kwa Misozi kunali bambo wachikulire ndi mayi wina, aliyense atanyamula ndodo yomweyo, ndipo mayiyo ndinali nditamumva akufunsa mnzanga za pechi. Ndinaona kuti ndikupulumutsa wa chilankhulo changa, enawo n'kuwasiya agwe m'dzenje lomwelo ndikuona. Kenako ndinabwereza m'Chingerezi, mokweza kuti mawu adutse masiki: "Ndodo iyi ndi ya milamba. Amene mukufuna pechi, si imeneyi. Zopepuka zatha, ndipo sitikudziwa kuti zibwera liti."

Mayi uja anabwezera ndodo pakhoma. Bambo wachikulireyo anati iye akufuna milamba yomweyo, n'kulipira. Anthu ena awiri anatuluka pa mzere. Russ anamaliza kuthandiza amene anali naye, n'kundiuza kuti tionane kumbuyo.

"Mwandichititsa manyazi m'sitolo yanga," anatero atatseka chitseko.

"Ndadzichititsa ndekha manyazi masabata atatu. Namwino uja amagulira bambo ake odwala sitiroko. Bambo ako akanamugulitsa munthu wodwala ndodo imene ija?"

"Bambo anga sanaone chaka ngati chino. Ndili ndi anthu asanu oti adye, inuyo mmodzi wa iwo. Mabokosi aja akapanda kutha, titseka tonse."

Sankanama, ndipo ndinamuuza kuti ndikudziwa. Ndinati agulitse kwa a milamba, alipo ambiri, koma ine pakamwa panga sipadzatulukanso mawu akuti ndi yabwino pa zonse. Anatembenuza foni m'manja. Kenako anati kundichotsa ntchito sangathe, chifukwa cha bambo ake, koma pa kauntala sindidzaimaponso. Ndibwerere kubenchi, masiku atatu pa sabata. Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo la masiku atatu pa nkhani ya inshuwalansi. Palibe amene anaitchula. Ndisanatuluke ndinamupempha zidutswa za mumgolo wa ndodo zothyoka zimene eni ake anazisiya. Anati nditenge, n'zotaya.

Mumgolomo ndinapeza ndodo yopepuka yabwino, yothyokera pafupi ndi chogwirira, nsonga yake ili bwinobwino. Ndinaidula pothyokapo, n'kukhala yaifupi, zimene zinali zoyenera munthu wowedza atakhala pansi. Ndinamanga timphete tatsopano ndi ulusi wobiriwira. Chogwirira ndinachinenepetsa ndi tepi yofewa ya pa mahandulo a njinga, chifukwa Misozi anandiuza pa foni kuti zala za bambo ake sizipinda mpaka kumapeto. Ndinasokanso lamba woti azungulire pamkono n'kumata, kuti ndodo isagwe dzanja likatopa. Chokulungira chingwe ndinachiika choti azipukusa ndi dzanja lamanzere, labwinolo. Ntchito yonse inanditengera masana a Loweruka ndi a Lamulungu.

Sabata yotsatira, mapemphero a pa foni atatha, tinakumana pa thandala lina lowedzera kumunsi kwa Patuxent, kumene madzi amayamba kukoma mchere. A Tembo anatsika m'galimoto atavala jekete ya suti ndi chipewa, kunja kukutentha choncho. Anali munthu wamng'ono thupi, wa maso akuthwa. Ndinawapatsa moni mwaulemu, iwo anangogwedeza mutu. Misozi anawakhazika pa mpando wopinda, ine n'kuwamanga lamba pamkono. Anayang'ana ndodoyo kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga, n'kuigwedeza pang'ono. Ndinaika kachidutswa ka nyongolotsi pa mbedza, n'kuwaponyera pafupi ndi mizati ya thandala, kumene pechi zimakonda kubisala.

Panapita nthawi yaitali. Dzuwa linakwera, Misozi anayamba kuyang'ana wotchi, ine ndinayamba kuganiza kuti ndataya masiku awiri a ntchito pa sabata chifukwa cha nkhalamba imene ikufuna kubwerera pa windo lake. Kenako ndinawaona akuweramira kutsogolo. Nsonga ya ndodo inali isanagwedezeke n'komwe poti ine ndione.

"Zilipo," anatero. "Zikulawa."

Anadikira. Anakweza mkono pang'ono, ndodo n'kupindika, ndipo anayamba kupukusa ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo. Misozi anafuna kuwathandiza, iwo anati, "Choka." Inatuluka pechi yoyera, yaing'ono kuposa chikhatho changa, ikuphiriphitha. Ndinaichotsa pa mbedza n'kuwaonetsa. Anaiyang'anitsitsa.

"Amayi, iyi ndiye nsomba ya ku America? Ku Luangwa tikagwira yotere timaipepesa, n'kuituma ikaitane amake."

Misozi anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya, mapewa akugwedezeka ndi kulira. A Tembo sanamuone. Anali atanditambasulira kale mbedza. "Ikani ina. Muchepetse nyambo, mukuzikhutitsa." Tinakhala mpaka nyongolotsi zinatha. Anagwira zisanu ndi ziwiri, ndipo pobwerera kugalimoto anandifotokozera za mlamu wawo amene analumidwa ndi ng'ona pa chidendene, nkhani yaitali imene sindinaimve mbali zina chifukwa lilime lawo linali lolemerabe.

Chaka chopuma ntchito

Zaka ziwiri zomalizazo ndinakhala pa benchi, Lolemba mpaka Lachitatu. Inshuwalansi ya kuntchito inatha mwezi wotsatira. Ndinagula ina ndekha, yodula koma yosathandiza kwenikweni, ndipo ndinayambanso kulandira zosoka kuti mankhwala asadukize. Mwezi wina anadukiza ndithu, ndinagona m'chipatala masiku awiri, inu ndinakuuzani kuti ndinadya mochedwa. Sitolo siinatsekedwe. Mabokosi aja anatha, ndodo zopepuka zinabweranso chaka chotsatira, koma Russ sanandibwezere pa kauntala, ndipo ine sindinapemphe. Nthawi zina kasitomala wa pechi akamufunsa zambiri, ankabwera kubenchi n'kuima pakhomo, n'kufunsa ngati akufunsa khoma kuti wa m'kamtsinje ka mitengo amafuna yotalika bwanji. Ndinkamuyankha. Tsiku langa lomaliza pa ntchito anagula keke, anandigwira chanza, n'kunena kuti bambo ake ankandikhulupirira. Za Julayi uja sitinakambepo.

A Tembo anawedza chilimwe chonsecho, Lamulungu lililonse limene mwana wawo sanali pa ntchito. Ndege zitayamba kuyenda anabwerera ku Chipata, ndodo ili mu paipi ya pulasitiki, ndipo anamwalira patapita chaka ndi miyezi. Misozi amandiimbirabe pa Khirisimasi.

Ndikudziwa kuti ndikanalankhula m'Chichewa chokha tsiku lija, a Tembo akanapezabe ndodo yawo, ine n'kusunga masiku anga asanu. Ndaganiza zimenezo kambirimbiri, makamaka ndili pa mzere wa mankhwala. Sindikuuzani kuti inu mudzachite ngati ine, chifukwa mtengo wake ndinaumva m'thupi. Ndikungofuna mudziwe mmene zinayendera. Mphatso, chaka chija unandifunsa chifukwa chake ndasiya kupita kuntchito Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo ndinati ndi mawondo. Unandigulira mpaka mankhwala opaka. Mawondo anga analibe vuto lililonse.